Mtengo wa mafuta ophikira umapangidwa kuti?

Mayi amene amakazinga mandasi ku Chinsapo kapena tchipisi pa chiwaya ku Biwi sachita kuuzidwa kuti zinthu zakwera mtengo. Amadziwira pa chigubu cha mafuta. Akakweza mandasi, ana asukulu amangodutsa osagula. Akawachepetsa, makasitomala amadandaula kuti asanduka timiyala. Akafunsa mwini okala chifukwa chake, yankho limakhala lakuti kumene amaoda akweza. Woodetsa uja m'tauni amaloza ku fakitale, a ku fakitale amaloza dola, ndipo nkhani imathera pomwepo ngati kuti mtengo umagwa kuchokera kumwamba monga mvula.

Mtengo sugwa kuchokera kumwamba. Umapangidwa ndi anthu, ndipo umapangidwa m'malo atatu: pa msika wa dziko lonse lapansi, m'maofesi a boma, ndi pakati pa makampani amene amagula ndi kugulitsa kwathu kuno. Pa malo oyambawo ife tilibepo mphamvu. Pa achiwiri tili ndi mawu. Pa achitatu pali lamulo lotiteteza, koma limagwira ntchito pokhapokha wina akadandaula. Tiyeni amayi tilondole botolo la mafuta kuchokera kumene limayambira mpaka kukhitchini kwathu, kuti tidziwe pamene tiyenera kupirira ndi pamene sitiyenera kukhala chete.

Ulendo wa botolo

Ngakhale botolo litalembedwa kuti lapangidwa m'Malawi, gawo lalikulu la mafuta amene timadya limayambira kutali. Mafuta a soya, mpendadzuwa ndi thonje zolimidwa kuno sakwanira dziko lonse, choncho makampani amaitanitsa mafuta osayenga, makamaka a kanjedza, n'kudzawayenga ndi kuwathira m'mabotolo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mafuta a kanjedza ochuluka kwambiri padziko lapansi amachokera m'mayiko awiri okha, Indonesia ndi Malaysia. Amabwera pa sitima zapamadzi mpaka ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, kenaka pa msewu kapena pa njanji. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndiye katundu aliyense wochokera kutali amafika atasenza kale mtengo wa ulendo wautaliwo.

Chaka cha 2022 chinationetsa bwino mmene zakutali zimafikira pa mbaula yathu. Mu February, Russia inayamba nkhondo ndi Ukraine, mayiko amene amagulitsa mafuta a mpendadzuwa ambiri kuposa ena onse. Mafuta a mpendadzuwa atasowa, ogula a m'mayiko olemera anathamangira mafuta a kanjedza ndi a soya, ndipo mitengo yonse inakwerera pamodzi. Kumapeto kwa April, boma la Indonesia linaletsa kutumiza kunja mafuta a kanjedza kwa masabata pafupifupi atatu pofuna kuti anthu ake asavutike. Kwa iwo chinali chifundo, kwa mayi wa ku Kawale chinali chikwapu. Umu ndi mmene malonda a pakati pa mayiko amakhalira: dziko lililonse limayamba laganizira anthu ake, ndipo laling'ono limalandira zotsala.

Nkhani ya dola

Ku Malaysia salandira kwacha. Amafuna madola a ku America, ndipo madolawo timawapeza tikagulitsa zathu kunja. Amayi a ku Mgona ndi ku Area 25 amaona malole a fodya akundandana ku Kanengo nyengo ya msika. Fodya ameneyo ndiye amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu kunja. Zina zimachokera ku tiyi, shuga, mtedza, soya, nandolo ndi makademiya. Vuto ndi lakuti m'zaka zaposachedwapa takhala tikugula katundu wakunja wa madola pafupifupi 3 biliyoni pachaka pamene wathu tikugulitsa wa pafupifupi biliyoni imodzi yokha. Zili ngati banja limene limapeza K100,000 pamwezi koma limadya K300,000. Madola ochepa amene alipowo amalimbiranidwa ndi mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala a m'zipatala, mabelo a kaunjika ndi mafuta ophikira omwe.

Madola akasowa, kwacha imagwa. Mu May 2022 Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti. Dola imodzi, imene inali pa K1,180, inafika pa K1,700. Tanthauzo lake ndi ili: katundu wa madola 1,000 amene kampani inkalipira K1,180,000 anayamba kufuna K1,700,000, ngakhale kuti kumene akuchokerako sanakwere ndi tambala yomwe. Kumabanki madola atapitiriza kusowa, amalonda ambiri anayamba kuwagula pa msika wamseri, kumene kumayambiriro kwa 2025 dola inapitirira K4,000. Ndi nthawi imeneyo, mu February 2025, pamene ogulitsa kaunjika a mumzinda uno, ambiri mwa iwo amayi, anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unali utawapitirira.

Zimene boma limasankha

Malo achiwiri opangira mtengo ndi m'manja mwa boma, kudzera m'misonkho, ziphaso ndi ziletso. Mu 2020 boma linaika msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti pa mafuta ophikira. Anthu atadandaula kwambiri, linauchotsa mu 2022. Ambiri tinayembekezera kuti botolo litsika, koma kuchotsako kunagwera nthawi imodzi ndi nkhondo ija, chiletso cha Indonesia ndi kugwa kwa kwacha, moti pa okala sitinaone kusintha kwenikweni.

Boma lilinso ndi mphamvu yonena katundu amene angalowe kapena kutuluka m'dziko. Shuga ndi chitsanzo chabwino. Munthu sangangoitanitsa shuga kuchokera kunja popanda chiphaso cha Unduna wa Zamalonda. Cholinga chake ndi kuteteza ntchito za anthu masauzande ambiri a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kumene kuli mafakitale a Illovo, ndi a ku Salima Sugar, komanso alimi a nzimbe. Cholingacho ndi chabwino. Koma chitetezo chili ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi wogula. Opanga shuga akakhala ochepa, wakunja n'kukhala woletsedwa, ndiye fakitale ikapuma nyengo ya mvula kapena nzimbe zikaonongeka, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu March 2023, palibe kwina kothawira. Tonse tikukumbukira mizere ya shuga ya mu 2024 ndi 2025.

Chiletso chimathanso kubwezedwa. Mu March 2025 boma linaletsa kulowetsa katundu wina amene timatha kupanga tokha, monga ufa, mpunga ndi zipatso zina. Mwezi wotsatira dziko la Tanzania nalo linatseka njira kwa zokolola za ku Malawi, ndipo amayi ochita malonda pa chipata cha Songwe ku Karonga ndiwo anayamba kulira, mpaka maboma awiriwo atakambirana. Ukatsekera mnzako chitseko, iyenso amatseka chake.

Nanga mlimi wa soya? Amayi ambiri m'matauni muno tili ndi abale ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dowa kapena ku Mitundu amene amalima soya. Boma nthawi zina limaletsa kapena kuchepetsa kutumiza soya kunja kuti mafakitale a mafuta ndi a chakudya cha nkhuku apeze zipangizo. Zikatero ogula amachepa, ndipo mtengo wa kwa mlimi umatsika. Ngati kutsikako kukanafika pa botolo la mafuta, tikanati m'bale wathu wataya koma ife tapindula. Koma ngati soya watsika ndipo mafuta sanatsike, phindu latsalira pakati. Apa ndi pamene nkhani ya mpikisano imayambira.

Mpikisano ndi chiyani?

Tiyerekeze msika wa ku Area 23. Amayi makumi awiri akugulitsa tomato. Mmodzi akakweza mulu mopitirira muyeso, wogula amangosuntha phazi kupita pa benchi lina. Palibe wapolisi amene wamuletsa mayiyo kukweza, wamuletsa ndi mnzake wa pambali. Umenewo ndiwo mpikisano. Tsopano tiyerekeze kuti pamsika ponse pali ogulitsa atatu okha, ndipo m'mawa uliwonse amayamba akumana kuseri n'kupangana mtengo. Mabenchi akadali atatu, koma wogula alibenso kosankha.

M'dziko la chuma chaching'ono ngati lathu, malonda ambiri akuluakulu ali m'manja mwa makampani owerengeka: shuga, simenti, feteleza, mafuta ophikira, chakudya cha nkhuku, lamya za m'manja. Kuchepa kwa makampani pakokha si mlandu. Kumanga fakitale yoyenga mafuta kumafuna ndalama zambiri, ndipo msika wathu sungadyetse mafakitale makumi asanu. Koma ogulitsa akachepa, kupangana kumaphweka, ndipo nkhani yoona ya kukwera kwa dola ikhoza kusanduka chophimba. Chizindikiro chimodzi choyenera kuchiyang'ana ndi ichi: mtengo wa padziko lonse ukakwera, wa kuno umakwera sabata yomweyo, koma wa padziko lonse ukatsika, wa kuno umakhala pomwepo miyezi ndi miyezi.

Kale boma linkaika lokha mitengo ya zinthu zambiri, ndipo ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, potsatira mapangano a ngongole ndi World Bank ndi IMF, boma linayamba kusiya malonda m'manja mwa anthu. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, ndipo mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziyendera msika. Koma mpira wopanda woimbira umathera m'ndewu. N'chifukwa chake mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, ndipo mu 2003 lamulo loteteza ogula. Woimbira wake ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri timalimva pa wailesi ndi dzina lakuti CFTC. Likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno.

Bungweli siliika mitengo. Ntchito yake ndi kuona kuti mtengo wapangidwa mwachilungamo. Kwa nthawi yaitali linali ndi mano ofooka, ndipo mu 2023 khothi lalikulu linagamula kuti lamulo lakale silinalipatse mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa. Lamulo latsopano, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024, linakonza zimenezi. Tsopano kampani yolakwa ikhoza kulipa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene yapeza pa malonda ake pachaka. Lamuloli likuletsanso wogula wamkulu kupondereza amene amamugulitsa, chinthu chofunika kwambiri kwa mlimi wa soya uja.

Chinanso chimene ambiri sitidziwa ndi chakuti bungwe loona za mpikisano la mayiko onse a COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko 21 a kummawa ndi kumwera kwa Africa, lili ndi likulu lake ku City Centre, ndipo linayamba ntchito mu 2013. Limaunika makampani amene malonda awo amadutsa malire a mayiko, monga pamene kampani ina yaikulu ikufuna kugula inzake.

Zimene lamulo limaletsa

Pali makhalidwe amene timakumana nawo kawirikawiri n'kumangoti ndi mmene zinthu zilili, pamene ndi oletsedwa. Makampani opikisana saloledwa kupangana mtengo kapena kugawana madera ogulitsamo. Wamalonda saloledwa kubisa katundu kuti asowe n'cholinga chodzamugulitsa modula. Saloledwa kukukakamizani kugula sopo kapena tiyi kuti akugulitseni paketi ya shuga. Ayenera kuonetsa mtengo wa katundu, ndipo mtengo wa pa shelefu ukhale womwewo polipira. Saloledwa kugulitsa katundu wotha nthawi kapena woperewera pa muyeso wolembedwa. Ngakhale chikwangwani chija chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichichotsa ufulu wanu ngati katunduyo ali woonongeka.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Ena angafunse kuti nkhani za madola ndi ziphaso zikufunanji m'magazini ya Mpingo. Mneneri Amosi, m'mutu 8, anadzudzula amalonda amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kubera osauka pa sikelo. Buku la Miyambo, mutu 11, limadzudzula wobisa chakudya pamene anthu akuchifuna. Mu 1931 Papa Pius XI anachenjeza kuti mpikisano wosiyidwa wopanda malire umathera pa kuunjika mphamvu za chuma m'manja mwa anthu ochepa. Mu 1967 Papa Paulo VI, m'kalata yake Populorum Progressio, anaphunzitsa kuti malonda a ufulu pakati pa mayiko amakhala achilungamo pokhapokha ochita malondawo asasiyane mphamvu mopitirira. Dziko logulitsa fodya ndi soya wosakonza n'kumagula zopangidwa m'mafakitale limayamba mpikisanowo lili kale kumbuyo. Mpingo sudana ndi malonda kapena phindu. Umangofunsa ngati wofooka nayenso akupeza gawo lake.

Mawu a Amosi sakulasa makampani okha. Ngati kapu yathu yoyezera mafuta ndi yophwanyidwa pansi, kapena mulu wa tomato uli ndi zowola mkati, nafenso tili m'gulu lomwelo.

Pamene mtengo ukhudza thanzi

Mafuta akadula, banja limapeza njira, koma njira zina zimadya thupi. Yoyamba ndi kukazingira mafuta omwewo masiku ambiri. Mafuta amene ada, akuchita thovu, akununkha kapena akufuka utsi msanga aonongeka, ndipo kuwadya kawirikawiri si kwabwino kwa mtima ndi mitsempha ya magazi. Kuthiramo atsopano sikuwachiritsa, kumangoononga atsopanowo. Asefeni akazizira, asungeni m'chotengera chotseka, musawatenthe mpaka kufuka, ndipo akada atayeni.

Yachiwiri ndi mafuta oyeza a m'timachubu ndi m'timabotolo topanda chizindikiro. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira ndi shuga zikhale ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha thupi, makamaka kwa ana ndi amayi oyamwitsa. A Malawi Bureau of Standards ndiwo amaona zimenezi. Mafuta olowa mozemba sadutsa m'manja mwawo, ndipo ngakhale mafuta abwino amataya vitamini A akakhala padzuwa tsiku lonse. Pogula oyeza, funsani chigubu chimene achokera, ndipo sankhani amene asungidwa pamthunzi.

Tisaiwalenso nsinjiro. Ndiwo zotendera zimapatsa thupi mafuta ndi zomanga thupi pamodzi, ndipo mtedza wake ndi wa kwathu konkuno, sufuna dola. Chofunika ndi kusankha mtedza wouma bwino n'kutaya wonse wachuku, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi.

Zimene tingachite ngati gulu

Mayi mmodzi sangasinthe mtengo wa ku Malaysia, koma gulu la amayi a parishi lili ndi zida zimene kampani ilibe: tili paliponse, ndipo timagula tsiku lililonse.

Choyamba, tilembe mitengo. Mphakati uliwonse ukhoza kusankha mayi mmodzi wolemba m'kope mtengo wa malita awiri a mafuta, kilogalamu ya shuga, sopo ndi mchere sabata iliyonse, pamodzi ndi tsiku ndi malo. Pakatha miyezi itatu, makope a ku Kawale, Chinsapo ndi Area 25 akaikidwa pamodzi amakhala umboni umene komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi ikhoza kupita nawo ku CFTC kapena kwa phungu. Kudandaula kwa pakamwa kumauluka ndi mphepo, kope limakhala.

Chachiwiri, tizifunsa lisiti ndi kulisunga. Dandaulo lokhala ndi lisiti, dzina la sitolo ndi tsiku limayenda msanga. Kudandaula ku CFTC ndi kwaulere.

Chachitatu, tigule pamodzi. Wogula kachubu tsiku lililonse amalipira zambiri pa lita kuposa wogula chigubu. Amayi khumi a banki mkhonde akasonkha n'kuoda chigubu cha malita 20 kuti agawane, amatsitsa mtengo komanso amadziwa kumene mafuta achokera. Agwirizane za muyeso umodzi ndipo agawane onse akuona, kuti chigubu chisaphe chibale.

Chachinayi, amene mumapita ku Chipata kukaoda kapena kukagulitsa, dziwani kuti pa chipata cha Mchinji pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono. Katundu wopangidwa m'Malawi kapena m'Zambia amene ali pa mndandanda wovomerezeka, ngati mtengo wake sukupitirira madola 2,000, amadutsa ndi mapepala osavuta ndipo salipira msonkho wolowetsera katundu, ngakhale misonkho ina imakhalapobe. Funsani mndandandawo musanaode. Njira zozemba zimaoneka zotchipa, koma ndi mmene amayi ambiri amalandidwira katundu ndi kuchitidwa nkhanza popanda kokadandaula.

Chachisanu, tifunse mafunso oyenera. Phungu kapena khansala akabwera, kungomuuza kuti zinthu zadula sikokwanira, chifukwa adzayankha kuti ndi dziko lonse lapansi. Timufunse kuti chiletso ichi chikuteteza ndani, akulipira ndani, ndipo chidzatha liti. Ngati kampani yatetezedwa ku katundu wakunja, yalonjeza chiyani kwa wogula ndi kwa mlimi? Ziphaso zoitanitsira katundu zapatsidwa kwa anthu angati?

Sikuti kukwera kulikonse kwa mtengo ndi kuba. Nthawi zambiri mwini okala akunena zoona, ndipo iyenso akuvutika ngati ife. Malinga ngati dziko likugula kunja katatu kuposa zimene likugulitsa, dola idzapitirira kutivuta, ndipo mankhwala ake enieni ndi kulima soya, mpendadzuwa ndi mtedza wambiri, kuziyenga konkuno, ndi kumulipira mlimi mtengo womulimbikitsa kudzalanso chaka chamawa. Izi zimatenga zaka. Koma kubisa katundu, kupangana mitengo ndi kubera pa muyeso sizidikira zaka. Zili ndi lamulo lake lero, ndipo ofesi yake ili ulendo wa minibasi imodzi kapena ziwiri kuchokera pakhomo pathu.

Pa msonkhano wa gulu wa mwezi uno, patulani mphindi makumi awiri. Mayi aliyense anene mtengo umene anagulira mafuta ndi shuga sabata imeneyo, ndi kumene anagula. Mlembi alembe. Limenelo likhala tsamba loyamba la kope lanu.